Musamangofunsa kuti "mwaliona bwanji sewero lathu?"

Akonzi,

Tipatseniko danga m'nyuzipepala yanu kuti tilankhule ndi anzathu a zisudzo, makamaka magulu amene amaitana anthu kudzaonerera sewero kenako n'kuwapempha ndemanga. Cholinga chake n'chabwino, koma nthawi zambiri ntchito yonse imagwera m'madzi chifukwa cha funso limodzi. Sewero likatha, anthu akawomba m'manja, wina amatenga maikolofoni n'kufunsa kuti, "Mwaliona bwanji sewero lathu?" M'holo mumangoti zii. Pakapita kanthawi amadzuka bambo wina wolimba mtima n'kunena kuti sewero linali labwino, lopatsa phunziro, ndipo achinyamatawa apitirize. Wachiwiri amabwereza zomwezo m'mawu ena. Wachitatu amayamba kufotokoza za sewero limene iyeyo anachitapo ali pasukulu. Ochita sewero amabwerera kwawo mitima ili mbee, osadziwa kuti gawo lachiwiri linatopetsa anthu, kuti mawu a mtsikana uja sankafika kumbuyo, komanso kuti theka la oonerera linkayesa mwamuna wajekete uja ndi bambo ake a mtsikanayo pamene wolemba ankafuna kuti akhale bwana wake.

Oonerera salakwa poyankha choncho. Funsolo limawasandutsa oweruza, ndipo munthu waulemu sangagamule mlandu wa mnzake amene wangotuluka kumene thukuta pamaso pake. Komabe pali zinthu zimene woonerera amazidziwa kuposa aliyense wa m'gulu lanu: zimene waona, zimene wamva, pamene anasokonezeka, pamene mtima unamugunda, ndi pamene anayamba kuganiza zobwerera kunyumba. Mafunso anu akumbe zimenezo. Za mmene sewerolo lingakonzedwere zisiyireni wolemba ndi wowongolera sewero, pakuti ndiwo adziwa chimene akufuna kumanga.

Ntchito imayamba tsikulo lisanafike. Gulu likhale pansi n'kugwirizana mafunso awiri kapena atatu amene likuwafunadi mayankho, mafunso amene akhala akukanganitsa anthu poyeserera. Mukasowa funso lotere, ndiye kuti chimene mukufuna ndi kuwomberedwa m'manja, ndipo si tchimo, koma musavutitse anthu ndi zokambirana. Kenako sankhani chimene muonetse. Sewero likakhala kuti likadali papepala, kuliwerenga mokweza n'kokwanira: ochita sewero amakhala pamipando mapepala ali m'manja, ndipo wina pambali amawerenga malangizo a wolemba, monga akuti "alowa akuthamanga" kapena "akhala chete". Kuwerenga kumayesa nkhani ndi mawu basi, choncho musafunse za zovala kapena kayendedwe ka pasiteji. Ngati mwayeserera kale, onetsani magawo a mphindi 20 mpaka 30. Zokambirana zitenge mphindi 25 kapena 30, ndipo zonse pamodzi ndi malonje zisapyole mphindi 90. Amene amaonetsa sewero la maola awiri n'kumayembekezera ndemanga amatsala ndi achibale okhaokha, ndipo achibalewo amakhala akuyang'ana kukhomo.

Anthu 30 mpaka 60 ndi okwanira. Akachepa kwambiri amachita manyazi kuseka ngakhale pamene pali poseketsa, ndiye mumaganiza kuti nthabwala zanu zafa. Akachuluka, olankhula amakhala omwewo ozolowera maikolofoni. Pa anthu atatu alionse, mmodzi akhale wosakudziwani ndiponso wosaidziwa nkhaniyo, paja mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Sewero likakhala lonena za anamwino, pakhale anamwino. Likakhala lonena za ana asukulu, ana asukulu akhalepo, ndipo asawakhazike pafupi ndi aphunzitsi awo.

Uzani anthu poyambirira pomwe kuti sewerolo silinathe kuphika ndipo mudzawafunsa mafunso likatha. Munthu amene wachenjezedwa amaonerera maso ali tcheru. Koma musawauze chimene sewerolo likunena. Mukangoti "sewero lathu likukamba za nkhanza za kuntchito", mwadziphera nokha mwayi wodziwa ngati nkhanzazo zikuoneka popanda kuzitchula.

Za malo tinene mwachidule. Mipando ikhale mozungulira ngati uta, mzere woyamba pafupifupi mamita awiri kuchokera pamene akuchitira sewero. Popanda maikolofoni, munthu wa kumbuyo kwenikweni asatalikire kupyola mamita 10 kapena 12, ndipo pabwalo lopanda makoma mtundawo uchepe chifukwa palibe chobweza mawu. Khomo lolowera likhale kumbuyo kwa oonerera, kuti wobwera mochedwa asadutse pamaso pa anthu onse.

Ndemanga zoona kwambiri zimaperekedwa sewero lili m'kati, anthu asanatsegule pakamwa. Ikani anthu awiri a m'gulu lanu, wina kumbuyo kwenikweni, wina pambali poti azitha kuona nkhope za oonerera. Aliyense akhale ndi wotchi ndi pepala. Wa kumbuyo alembe mzere uliwonse umene sunamveke ndi dzina la amene anaulankhula. Wa pambali asayang'ane siteji n'komwe. Alembe mphindi imene anthu anaseka, imene anakhala chete osasuntha, imene mafoni anayamba kuwala m'manja, imene zikhosomo zinachuluka, imene wina anatembenukira mnzake n'kunong'ona kuti "akuti chiyani?" Pepala lolembedwa kuti "mphindi 14 mpaka 17, mafoni asanu, ana awiri atuluka" limaposa ndemanga khumi zoyamikira. Ndipo dziwani kusiyanitsa chete. Pali chete wa anthu amene nkhani yawagwira, matupi atawerama kutsogolo, ndi chete wa anthu amene maganizo awo achoka kale, atatsamira kumbuyo.

Sewero likatha, lolani anthu awombe m'manja mokwanira, kenako pumani mphindi zisanu. Zikafika 15 mudzapeza mipando yatsala yokha. M'mphindi zisanuzo muyatse magetsi onse, mukokere mipando ya ochita sewero pansi kuti akhale pamlingo umodzi ndi oonerera, ndipo aliyense avule chinthu chimodzi cha m'sewero, kaya chipewa, kaya jekete, n'kutchula dzina lake lenileni. Zimaoneka zazing'ono, koma zimateteza amene anatenga mbali ya munthu woipa. Akakhala ndi jekete lomwe lija, anthu amalankhula naye ngati akadali bwana wankhanza uja, ena mpaka kumukalipira, ndipo iye amayamba kudziteteza pa milandu imene sanapalamule.

Wotsogolera zokambirana asakhale wolemba sewero, wowongolera, kapena wina amene anali pasiteji. Onsewa khungu lawo lili lopyapyala tsiku limenelo, ndipo nkhope zawo zimauza anthu yankho limene likufunika. Pezani munthu wakunja amene waonerako kamodzi poyeserera, wotha kudula munthu wolankhula motalika popanda kumuchititsa manyazi. Pambali pake pakhale mlembi amene azilemba mawu a anthu monga momwe awanenera. Mlembi akamafupikitsa, "sindinamvetse chifukwa chimene anabwerera kwa mwamunayo" amasanduka "mathero ofooka", ndipo mfundo yeniyeni yatayika.

Pa kafunsidwe, njira imene ife taiona kuti ndi yodalirika ndi imene anakonza Liz Lerman, katswiri wa magule wa ku America, mu 1990. Iye anaitcha Critical Response Process, ndipo ili ndi masitepe anayi amene amatsatana mosadumphitsa. Poyamba wotsogolera amafunsa oonerera chimene chawatsalira m'mutu: chithunzi, mawu, kamphindi kamene kanawadabwitsa kapena kuwakhudza. Akati "zinali bwino", afunsenso kuti "pati makamaka?" mpaka munthuyo atchule malo enieni. Sitepe imeneyi si yosisita ochita sewero. Imakuuzani zimene simuyenera kuzigwira pokonza, chifukwa magulu ambiri amadula gawo limene linali msana wa sewero osadziwa. Kachiwiri, eni sewero amafunsa mafunso awo aja, ndipo oonerera amayankha funso lokhalo, osapatukira kwina. Funso likhale lolunjika koma losanyamula yankho. "Kodi zaoneka kuti mayi aja ankadziwa kale za ndalamazo?" ndi funso loipa chifukwa onse angovomera. Funsani kuti, "Pamene mwana ankaulula, mukuganiza kuti mayi aja ankadziwa zotani?"

Sitepe yachitatu ndiyo yovuta. Oonerera amafunsa eni sewero mafunso, koma mafunso opanda maganizo obisika m'kati. "N'chifukwa chiyani mwatalikitsa chonchi gawo la kuchipatala?" ndi chidzudzulo chovala malaya a funso. Wotsogolera amathandiza munthuyo kulikonza kuti likhale, "Munatsata chiyani posankha kutalika kwa gawo la kuchipatala?" Phindu lake n'lakuti wolemba amayamba kuganiza mokweza, ndipo kawirikawiri amalipeza yekha vutolo ali m'kati moyankha. Pomaliza ndi pamene anthu amapereka maganizo awo, koma atapempha kaye: "Ndili ndi maganizo pa nyimbo ya kumapeto, kodi mukufuna kuwamva?" Mwini sewero ali ndi ufulu wokana, mwina chifukwa nyimboyo akudziwa kale kuti aichotsa. Pa mphindi 30, ife timalangiza kuti sitepe yoyamba itenge zisanu, yachiwiri 10 kapena 12, zotsalazo zigawane mphindi zotsala. Tivomereze kuti pagulu lalikulu losazolowera, sitepe yachitatu imakonda kugwa, ndipo wotsogolera akaumirira kwambiri kukonza mafunso a anthu amaoneka ngati mphunzitsi wovuta. Zikatero ndi bwino kuidumpha kusiyana ndi kuziziritsa holo.

Palinso kayesedwe kena kosavuta kamene timadabwa kuti ambiri sakagwiritsa ntchito. Pemphani munthu mmodzi afotokoze nkhani yonse m'ziganizo zitatu kapena zinayi, ngati akuuza mnzake amene sanabwere. Kenako funsani ngati pali wina amene anaona zosiyana. Pamenepa ndi pamene mumatulukira kuti bwana uja ankatengedwa ngati bambo, kapena kuti anthu sanazindikire kuti pakati pa gawo loyamba ndi lachiwiri padutsa zaka. Ochita sewero amaidziwa nkhani mpaka kumaiona ngakhale pamene siinaikidwe pasiteji.

Funso loti "mwaphunzirapo chiyani?" n'loipa kuposa lija tinayamba nalo. Amalikonda ndi mabungwe amene amalipirira masewero ophunzitsa, chifukwa mayankho ake amakoma mu lipoti. Koma anthu amadziwa yankho la m'kalasi ngakhale asanaone sewero, ndipo amangolibwereza: nkhanza n'zoipa, ana apite kusukulu. Mukafuna kudziwa ngati uthenga walowa, funsani kuti ndi munthu uti wa m'sewero amene anamumvera chisoni, kapena kuti akuganiza kuti mawa lake kunachitika zotani m'nyumba ija. Nthawi zina mudzapeza kuti anthu akonda munthu woipa uja chifukwa ndiye anali ndi nthabwala zonse, pamene wozunzidwa ankangolira ndi kulalikira.

Amene amalankhula koyamba ndiye amapereka njira kwa onse. Munthu waudindo kapena mlendo wolemekezeka akayamba ndi kuyamikira, palibe adzamutsutse. Mukambirane naye mwambo usanayambe kuti adzalankhula pomaliza, ndipo muzimuuza kuti ndi ulemu, pakuti ndi ulemudi. Musanatsegule zokambirana kwa onse, uzani anthu atembenukire amene wayandikana nawo ndipo akambirane funso loyamba kwa mphindi ziwiri. Munthu amene wanena kale ganizo lake kwa mnzake mmodzi savutika kulinena kwa anthu 50. Wotsogolera akafunsa funso, awerenge chamumtima mpaka 10 asanalankhulenso. Ambiri amaopa chete ndipo amadziyankha okha pa sekondi yachitatu, pamene dzanja loyamba linali pafupi kukwera. Aliyense alankhule mphindi imodzi. Kwa amene salankhula pagulu, gawani timapepala tokhala ndi mafunso awiri okha ndi mapensulo, ndipo pakhale wina pakhomo womvera ndemanga za anthu amene sangathe kulemba. Kukweza manja powerenga mavoti sikudalirika, chifukwa anthu amayang'ana kaye dzanja la mnzawo.

Kwa ochita sewero lamulo ndi limodzi, ndipo ndi lowawa: khalani chete, lembani. Munthu akati sanamvetse chifukwa chimene mwana uja anathawira, musamufotokozere. Mukangofotokoza, iye amati "ooh, ndamva tsopano, zinali zomveka ndithu", ndipo mboni yanu yawonongeka pamodzi ndi ena onse amene anali ndi chisokonezo chomwecho. Tsiku loonetsa sewero lenileni simudzakhala ndi mpata woyenda mpando ndi mpando kufotokozera anthu. Yankho lokwanira ndi "zikomo", kapena "munayamba kusokonezeka pati?"

Pali mtundu wina wa zisudzo umene ndemanga zake siziperekedwa ndi pakamwa pokha. Anauyambitsa ndi Augusto Boal wa ku Brazil, amene anamangidwa ndi boma la asilikali mu 1971 n'kupita kukakhala kunja. Mu 1973 ankagwira ntchito ku Peru m'ndondomeko yophunzitsa akuluakulu kulemba ndi kuwerenga, ndipo gulu lake linkachita masewero amene oonerera ankapereka maganizo a chimene munthu wa m'sewero achite, ochita sewero n'kumayesa maganizowo. Boal ankasimba kuti mayi wina anakwiya poona kuti ganizo lake likuchitidwa molakwika mobwerezabwereza, mpaka Boal anamupempha mayiyo kuti akwere yekha pasiteji aonetse. Apo ndi pamene panabadwira Forum Theatre. Kachitidwe kake n'kotere. Mumaonetsa kasewero ka mphindi 10 kapena 15 kamene kamathera poipa, munthu wovutikayo atayesa n'kulephera. Mumakayambanso kachiwiri, ndipo aliyense woonerera angafuule kuti "Imani!", n'kukwera kukatenga malo a wovutikayo kuti ayese njira ina. Ochita sewero enawo amapitiriza mbali zawo osamufewetsera. Wotsogolera, amene Boal ankamutcha Joker potengera joka wa m'makhadi, sapereka yankho. Amangofunsa gulu kuti, "Zatheka? Zingachitikedi chonchi?"

Njira imeneyi imawonongeka mosavuta. Kasewero kakathera pabwino, palibe chimene chimanyamula munthu pampando. Wochita mbali ya wozunza akagonja msanga chifukwa chochitira ulemu mlendo amene wakwera pasiteji, anthu amanamizidwa kuti vutolo n'lopepuka. Akaumanso mtima osasunthika ngakhale pang'ono, wachitatu sadzakweranso. Luso lake n'kubwerera m'mbuyo pang'ono pamene njira yabwino yayesedwa, kenako n'kubwera ndi chopinga china chimene munthu wotere angabwere nacho m'moyo weniweni. Ena amakwera n'kubweretsa zozizwitsa, monga kupeza ndalama mwadzidzidzi kapena kusandutsa bwana wankhanza kukhala wachifundo, ndipo Joker ayenera kufunsa gulu ngati zimenezo si matsenga. Ena amakwera kudzalalikira. Auzeni kuti alankhule ndi munthu ali patsogolo pawoyo, osati ndi holo. Lengezani poyamba kuti palibe kumenya kapena kukankha. Ndipo pa nkhani za kumenyedwa kapena kugwiriridwa, samalani kwambiri: kupempha anthu kuti atenge malo a wozunzidwa kumamveka ngati mukunena kuti akanachenjera sakanazunzidwa. Pamenepo ndi bwino kuti atenge malo a mnansi, mnzake wa kuntchito kapena m'bale amene anaona n'kukhala chete.

Nkhani zoterezi zimatsegula zilonda. Wina angadzuke n'kuyamba kuulula zimene zinamuchitikira. Wotsogolera amuthokoze, asamufunse mafunso okumba, ndipo amuuze kuti pali munthu amene angalankhule naye pambali zokambirana zikatha. Munthuyo akhalepodi, ndipo adziwe kumene angalozere wofuna thandizo. Za kujambula, pemphani chilolezo poyamba, komanso dziwani kuti kamera ikaloza munthu, ndemanga imasanduka malankhulidwe a pamsonkhano. Foni yojambula mawu okha, yoikidwa patebulo la mlembi anthu atauzidwa, imasokoneza pang'ono chabe.

Musawerenge ndemangazo usiku womwewo. Otopa amamva chidzudzulo chimodzi n'kuiwala zabwino zonse, kapena amakangana za amene analakwitsa mzere. Kumanani pakapita tsiku limodzi kapena awiri, muike mapepala onse pamodzi ndi a anthu awiri a wotchi aja, n'kupatula zimene anthu anamva m'mitima ndi pamene anasokonezeka kuchoka ku malangizo awo a kakonzedwe. Chimene wanena munthu mmodzi chilembeni n'kuchisunga. Chimene anena anthu atatu osakhala pamodzi, makamaka chikagwirizana ndi mphindi imene mafoni anawala, chimenecho ndi chenicheni. Koma malo amene anthu aloza si nthawi zonse pamene pali nthenda. Akatopa m'gawo lachinayi, kawirikawiri gwero lili m'gawo lachiwiri, pamene sanauzidwe chimene mpangankhani wamkulu akufuna ndi chimene angataye akalephera. Mukadula gawo lachinayi monga akulangizirani, sewero lifupika koma kutopa kusamukira m'gawo lachisanu. Akaseka pamalo achisoni, fufuzani kaye musanakhumudwe: mwina ndi ndevu zomata zimene zinayamba kumatuka, mwina wolira analira mopyola muyeso, mwinanso ndi kuseka kwa anthu amene nkhani yawafika pafupi kwambiri, ndipo kumeneko simufunika kukonza chilichonse.

Sinthani zinthu ziwiri kapena zitatu zokha, apo ayi simudzadziwa chimene chathandiza. Pakapita masabata awiri kapena atatu onetsaninso kwa anthu atsopano, chifukwa amene anaonera kale sangasokonezekenso pamene anasokonezeka. Mwa akale aja itanani asanu kapena asanu ndi mmodzi, muwakhazike kumbuyo, muwapemphe kuti asalankhule mpaka atsopanowo atatha, kenako muwauze poyera zimene munasintha chifukwa cha mawu awo ndi zimene munazisiya dala monga zinalili.

Ndife,
Ochita ndi owongolera zisudzo